Chaka Chimene Ndinakana Kukhala L. Kanjedza

Ana anga, za ubwana wanga sindilembapo. Ndinaweta mbuzi ngati anzanga onse, ndinaphunzira mpaka Fomu 2, kenako bambo anga analephera kundipititsa patsogolo. Ndiyambira pa ntchito, chifukwa ndi ntchito imene inandikumanitsa ndi munthu amene ndikufuna mumudziwe bwino. Akuluakulunu mukuwakumbukira a Nagama, telala wa pa khonde la sitolo ku Mtakataka, amene ankakusokerani mayunifolomu. Inu mumawadziwa ngati telala basi. Ine ndinagwira nawo ntchito ina kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo m'moyo wanga wonse wa ukalaliki sindinaonepo munthu wolimbikira ngati iwo.

1968 mpaka 1973: Golomoti

Ndinalembedwa ukalaliki pa kampani yogula thonje ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo ananditumiza ku Golomoti. Ofesi yake inali chipinda chimodzi cha malata pafupi ndi njanji. Mwezi wa Okutobala munkatentha moti pepala linkamatirira ku dzanja, ndipo nyengo yogula thonje tinkaweruka mitu ili mbuu ngati nkhalamba. Bwana wanga woyamba anali a Tsamwa, msilikali wakale, munthu wosaseka. Tsiku loyamba anandilozera taipi imene inali pa tebulo n'kufunsa ngati ndimaidziwa. Ndinati ndinaionapo. Iwo anati, "Inenso ndege ndinaionapo, koma sindiyendetsa. Khala pansi." Anatenga nsalu n'kuphimba manja anga kuti ndisamaone zilembo, ndipo kwa miyezi itatu ndinkalemba choncho. Kalata ikakhala ndi cholakwika chimodzi ankaing'amba pakati n'kuibweza pa tebulo langa, osanena kanthu. Riboni ya inki ya m'taipimo ikafooka sankalola kuitaya. Tinkaitembenuza, kenako kuidontheza timafuta ta makina kuti inki yotsalira isungunuke. Ndinkadana nawo a Tsamwa. Lero ndikudziwa kuti chakudya chonse chimene munadya m'nyumba mwanga chinachokera m'zala zimene anaphunzitsa iwowo. Ku Golomoti komweko ndi kumene ndinakwatira mayi anu, a Nangozo, mu 1971.

1974: Mtakataka

Mu 1974 anandisamutsira ku Mtakataka. Ofesi ya kumeneko inali yaikulupo, ndipo inali ndi makina opukusa ochulukitsira makalata a alimi. Unkalemba kalata pa pepala laphula lotchedwa sitensulo, kulikulunga pa mgolo wa makinawo, n'kumapukusa chogwirira. Pepala lililonse lodutsamo linkatuluka litalembedwa. Bwana wa kumeneko anali a Kapichi, munthu wonenepa, wansangala, wokonda kuwerenga chilichonse, ngakhale nyuzipepala yokulungira usipa.

Tsiku lina ndinapita ndi nsalu kwa telala wa pa khonde kukasoketsa buluku. Anali mayi wamtali, wa zaka ngati makumi anayi, pensulo ili kukhutu. Atandiyeza analemba miyezo pa kapepala n'kundipatsa kuti ndidzabwere nako. Kenako anafunsa, "Kodi ndinu a kalaliki atsopano aja, amene mumaliza taipi ngati matalala pa malata?" Ndinavomera. Anasuzumira uku ndi uku, natulutsa makope atatu okulunga m'chitenje. "Msuweni wanga wina analemba kankhani. Akufuna kudziwa ngati kangaoneke bwino katalembedwa pa taipi. Mukawerenge, koma musakaonetse munthu."

Ndinayamba kuwerenga Loweruka masana pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba, ndipo mayi anu anandiitana katatu kuti ndikadye, ine osamva. Inali nkhani ya mtsikana wotchedwa Malita amene anasoketsa delesi la ukwati, bwenzi lake n'kupita ku migodi ku Joni, delesilo n'kukhala m'sutikesi zaka zisanu pamene mphunzitsi wina wofatsa ankamufunsira chaka ndi chaka. Anthu a m'nkhanimo ankayankhula ngati anthu a pa msika pathu pomwepa. Munalibe ulaliki. Panalibe woipa kotheratu, ndipo ndinafika tsamba lomaliza ndisakudziwa kuti Malita asankha uti. Nditatseka kope lachitatu ndinatulutsa kapepala ka miyezo kaja m'thumba. Chilembo cha "m" pa mawu akuti "mwendo" chinali chimodzimodzi ndi cha m'makopemo, chokhala ndi kamchira kopindikira m'mwamba.

Lolemba ndinabweza makopewo n'kunena kuti, "Mukawauze asuweni anuwo kuti amalemba ngati telala." A Nagama anasiya kupalasa makina, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi. "Khalani pa benchipo, a Mbewe," anatero, ndipo anandiuza zonse. Sukulu analekezera Sitandade 6. Amuna awo anapita ku Joni ana atatu ali aang'ono, n'kutchona. Ankalemba masana msika ukazizira, kope lili pa thabwa la makina, munthu akabwera n'kuliphimba ndi nsalu. Nkhani ya Malita anali ataitumizapo kawiri kwa osindikiza mabuku ku Blantyre. Oyamba anayankha kuti iwo amafuna mabuku a sukulu okha. Achiwiri sanayankhe, ndipo makope sanabwerere. Anadikira chaka chathunthu, kenako anagula makope ena n'kulembanso nkhani yonse kuchokera m'mutu. "Yachiwiriyi ndiyo yabwino," anatero. "Anandithandiza pondisowetsera yoyamba ija. Koma ndatopa nako kupempha. Ndamva kuti muli ndi makina obereketsa mapepala. Ndikufuna ndidzipangire ndekha buku."

Ndinafunsa dzina loti tilembe pa chikuto. Lawo anakana. "Azimayi akabwera kudzayezetsa madelesi amandiuza zonse, za amuna awo, za amene ankawafuna asanakwatiwe. Sindilemba nkhani ya munthu mmene ilili, ndimangotola apa ndi apo. Koma akadziwa kuti ndine, adzatseka pakamwa, ndipo ena adzati ndawagulitsa. Komanso mukuganiza kuti pali bambo angagule buku lachikondi lolemba telala wamkazi?" Anayang'ana mitengo ya kanjedza ya kutsidya kwa msewu n'kunena kuti, "Muikepo L. Kanjedza." Ndinafunsa kuti L akuimira chiyani. Anati, "Lembani basi."

1975 mpaka 1978: Mabuku oyamba

Sindikanayerekeza kugwiritsa ntchito makina a kampani mobisa, choncho ndinakawauza a Kapichi kuti ndili ndi mnzanga wolemba nkhani. Anapempha makope aja, anakhala nawo masiku awiri, n'kubwera akudandaula kuti Malita anasankha molakwika. Kenako anati, "Loweruka mukaweruka makinawo ndi anu, koma pepala, inki ndi masitensulo zikhale zanu. Ndikadzapeza pepala limodzi la kampani m'buku limeneli, tonse awiri tikalima thonje." Iwo ankaganiza kuti mnzangayo ndine ndemwe, ndipo ndikamakana ankangonditsinzinira diso.

Masiku amenewo buku silinkagulitsidwa lisanaonedwe ndi akuluakulu oona zolembedwa. Tinatumiza, tinadikira miyezi isanu. Linabwera ndi chilolezo, koma tsamba limodzi litadulidwa ndi mzere wofiira, pamene mphunzitsi uja anapsompsona Malita pa mlatho. Ine ndinakwiya. A Nagama anangotenga tsambalo n'kukhala nalo sabata imodzi. Mmene ankalibweza, kupsompsona munalibe. M'malo mwake mphunzitsiyo anagwada pa mlathopo n'kumachotsa chisoso chimene chinamatirira m'mphepete mwa chitenje cha Malita, kamodzikamodzi, osayankhula, Malita ataima akuyang'ana madzi. Tsamba limenelo ndi limene ndinalemba pa taipi.

Chikuto anatikonzera mmisiri wina wosema ziboliboli wa ku Mua. Anasema pa kathabwa delesi lopachika pa msomali, ife n'kumapaka inki ndi kudinda pa pepala lolimba, limodzilimodzi, kenako kuyanika pa chingwe ngati zovala. Bukulo tinalitcha Delesi la Malita. Tinkasiya mitolo kwa amayi ogulitsa nthochi ndi nsomba zokazinga pa sitesheni, ndipo sitima ikaima ankakweza mabukuwo pa mawindo pamodzi ndi malonda awo. Mtolo woyamba unatha mwezi usanathe. Tsiku lina ndinapeza mayi wina atakhala pa benchi ya a Nagama akuwerengera anzake awiri mokweza, onse akutsutsana za Malita. Mmodzi anati, "Bambo Kanjedza ameneyu amatidziwa ife akazi ngati anakhalapo mkazi." A Nagama anali ndi mapini pakamwa, akupinda mpendero wa siketi, ndipo sanadzutse ngakhale mutu. Makalata opita kwa L. Kanjedza ankafikira m'bokosi langa ku positi ofesi, ochokera kwa anamwino, asilikali, ana a sekondale. Ankawayankha onse, ngakhale aja ongofuna kudziwa ngati delesi lija linavalidwa.

Panali vuto lina limene muyenera kulidziwa. Mwamuna wokwatira wopita pa khonde la mayi wopanda mwamuna sabata iliyonse, atanyamula timaphukusi, sachedwa kukambidwa. Nkhani inafika kwa mayi anu. Anandifunsa, ine n'kulephera kuyankha bwino chifukwa ndinali nditalonjeza kusunga chinsinsi. Nditawauza a Nagama, anatseka makina tsiku lomwelo dzuwa lili pamutu, anapita kunyumba kwathu ndi makope awo, n'kukhala pa mphasa ndi mayi anu mpaka ine kuweruka. Ndinawapeza akuseka. Kuyambira pamenepo mayi anu ndiwo ankasanja masamba a mabuku, atawayala pa mphasa ndi kuikapo timiyala kuti mphepo isaulutse, ndipo ndi iwo ankawerenga nkhani iliyonse poyamba. Akanena kuti, "Apa mtsikanayu sangayankhe chonchi," a Nagama ankasintha popanda kutsutsa. Ine ndikanena zomwezo ankandiuza kuti ntchito yanga ndi taipi.

1979 mpaka 1983: Zinthu zitasowa

Nkhondo ya ku Mozambiki itavuta, katundu wodzera pa njanji anayamba kusowa. Mapepala ankapezeka mwa apo ndi apo, masitensulo ndiye ayi ndithu. Ndinkapalasa njinga mpaka ku Golomoti ndikangomva kuti sitolo ina yalandira mtolo wa mapepala. Makope atasowa, a Nagama ankapempha matumba a simenti kwa omanga nyumba, kuchotsa pepala la m'kati loyera bwino, kulidula ndi sizasi, kulisita ndi simbi, n'kumalembapo. Buku lawo lachinayi, Udzatsike pa Golomoti, linalembedwa lonse pa matumba amenewo. Ndikalakwitsa chilembo pa sitensulo sitinkataya. Tinkamata pabowopo ndi utoto wopaka m'zikhadabo, kuuzira kuti uume, n'kulembanso. Timawaya tomangira mabuku titatha, a Nagama anayamba kusoka msana wa buku lililonse pa makina awo osokera. Singano zinkathyoka, iwo n'kumasintha, osadandaula. Mabuku osokedwawo ndi amene sanathothoke mpaka lero.

Ulendo wina inki inatsala pang'ono, ndipo ine ndinaganiza zoisungunula ndi palafini kuti ikwanire. Zilembo zinatuluka bwino tsiku loyamba, koma mmawa mwake zinali zitafalikira ngati zagwera m'madzi. Mtolo wonse unaonongeka, mapepala amene tinawasaka miyezi itatu. Ndinati tigulitsebe motsitsa mtengo, chifukwa ukayang'anitsitsa zinkawerengeka. A Nagama anakana. "Munthu wagulitsa nkhuku yake kuti agule buku, ine ndimupatse utsi? Ayi." Mapepalawo anawadula kukhala zoyezera madelesi, ndipo sanandikalipire ngakhale kamodzi. Kumene ndinawaona atapsa mtima ndi pamene msilikali wina anatitumizira Delesi la Malita limene anagula m'tauni. Munthu wina anali atalilembanso pa makina ake, mawu ndi mawu, n'kuikapo dzina lake. A Nagama analitembenuza kangapo. Ndinati tikadandaule. Anati, "Ndikadandaule kuti ndine yani? Kanjedza alibe nkhope, alibe mudzi." Anakhala masiku atatu osalemba. Lachinayi lake anayamba buku lachisanu.

1984: Bambo wa kamera

Mu Julayi 1984 kunatsika sitima bambo wina wa suti yotuwa, a Mposa, woyang'anira kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku ku Blantyre. M'chikwama mwawo munali mabuku athu anayi, atatha m'makona chifukwa chowerengedwa. Anati anawalanda kwa mwana wawo wamkazi n'kutha nawo sabata yonse iwo eni. Anatsata nambala ya bokosi la makalata mpaka ku positi ofesi, ndipo kumeneko anawalozera kwa ine. A Kapichi anawalandira ndi manja awiri. "Kanjedza wanuyo ndi ameneyu. Amakana, koma ndi yemweyu." Ndisanatsegule pakamwa a Mposa anali atayamba kale kufotokoza. Ankafuna kusindikiza mabuku onse asanu ndi limodzi pa makina enieni, a chikuto chamitundu, n'kuwaika m'masitolo a mabuku m'matauni. Ankafunanso kundilemba ntchito yokonza zolembedwa, yokhala ndi nyumba ya kampani ya magetsi. Kwa ine ankangofuna zinthu ziwiri: ndisaine kuti wolemba ndine, ndipo ndijambulitse chithunzi choika kuseli kwa buku. "Anthu amafuna kuona nkhope," anatero. Anali pa ulendo wa ku Salima, ndipo anati pobwerera Lachinayi adzatsika ndi kamera.

Ndinapita kwa a Nagama chothamanga. Ndinkaganiza kuti anena kuti nthawi yodziulula yakwana. Anamvetsera manja ali pa nsalu, kenako anafunsa chapansipansi, "Mwati a chikuto chamitundu?" Ndinati inde. Anati, "Vomerani." Ndinati, "Ndivomere bwanji chinthu choti si changa?" Iwo anati, "Ndakupatsani. Ine ndizilemba kuno, inu muzisaina kumeneko. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthyola singano pa mapepala, a Mbewe. Ndikufuna ndione buku langa litaima pa shelefu ngati buku. Nkhope ikhale ya aliyense." Ndinafunsa chifukwa chake sitikungowauza bambowo kuti wolemba ndi iwo. Anati, "Mwawaona bwino? Akufuna mwamuna wa tayi. Akaona ine ndi sizasi yangayi akwera sitima yomweyo. Ndipo musayerekeze kutchula dzina langa. Munalonjeza."

Mayi anu sanandikakamize, koma tikusenda chinangwa pa bwalo mawa lake ananena maganizo awo. "Mwiniwake wakupatsani, si kuba kumeneko. Anawa akuyandikira sekondale, ndipo mwamva nokha kuti ofesi ya thonjeyi mwina aichepetsa." Zonse zimene ananenazo zinali zoona.

Lachinayi ndinavala tayi. Ndikufuna mudziwe zimenezi kuti musamaganize kuti bambo anu anali woyera mtima. Ndinavala tayi, ndinapesa, ndinaika cholembera m'thumba la pamtima, ndipo ndinachoka kunyumba nditatsimikiza kusaina. A Mposa anandiimika pa khoma la ofesi, dzuwa likundiomba kumaso. Akukonza kamera anati, "Pali tsamba limene mkazi wanga analira nalo, lija la chisoso pa mlatho. Tandiuzani, a Kanjedza, zimene zija munaziganiza bwanji?" Ndinayang'ana kamera ija. Ndinazindikira kuti funso limeneli ndidzafunsidwa moyo wanga wonse, ndi anamwino, ndi ana a sukulu, ndi inu ana anga, ndipo kuti ndidzaphunzira kuliyankha bwino mpaka ine ndemwe kuyamba kukhulupirira. Ndinaonanso kuti tsiku limene a Nagama adzamwalire sipadzakhalanso wonditsutsa. Ndinati, "Bwana, tsitsani kamerayo. Ine ndimangolemba pa taipi. Wolemba mabukuwa ndi munthu wina, ndipo sanandilole kumutchula."

A Mposa poyamba anaganiza kuti ndikufuna kunyengereredwa. Anandifunsa katatu. Kenako nkhope yawo inasintha. "Mwanditayitsa nthawi. Kampani singasaine pangano ndi mzukwa." Ndinawapempha kuti andipatse mwezi umodzi ndikayankhule ndi mwiniwake, koma ananyamula chikwama chawo n'kukadikira sitima ku sitesheni. A Kapichi anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. "Ndiye kuti zaka zonsezi mumanena zoona?" anatero.

Nditawauza a Nagama, anandilola kumaliza, kenako anati, "Munali ndi ntchito imodzi yokha: kuima chilili ndi kumwetulira. Yakukanikani." Anayamba kupalasa makina, ndipo phokoso lake linandiuza kuti ndizipita. Anakhala miyezi inayi osandiyankhula. Ndikadutsa pa khonde ankaweramira nsalu. Mayi anu anandiphikira sabata ziwiri osanena nane kanthu kupatula moni. Ofesi ya thonje anaichepetsadi patapita zaka ziwiri, ine n'kutsitsidwa udindo, ndipo iwe Feliya unakhala pakhomo chaka chathunthu usanapite ku sekondale. Chaka chimenecho ndinakudyera ndine, ndipo sindinakupepesepo. Ndikupepesa pano.

1984 mpaka 1993: Dzina lawo

Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, a Nagama analowa mu ofesi yathu. Zaka khumi zonse zija anali asanapondemo. Munali alimi odzafunsa za mbewu, munalinso a Kapichi. Ananyamula makope anayi poyera, osakulunga m'chitenje, n'kuwaika pa tebulo langa. Pa kope lapamwamba analembapo ndi inki kuti Agnesi Gama. Ananena mokweza kuti aliyense amve, "Popeza mwakana kundibwereka nkhope yanu, a Mbewe, ndigwiritsa ntchito yangayi. Muikepo dzina limeneli, ndipo pansi pake mulembe kuti ndi yemwe uja ankadzitcha L. Kanjedza." A Kapichi anadzuka pa mpando wawo, anavula chipewa, n'kuwafunsa chifukwa chake Malita anasankha mphunzitsi. Anatsutsana pafupifupi ola lathunthu alimi akudikira.

Zimene a Nagama ankaopa zinachitikadi. Mayi wina anabwera pa khonde akukalipa kuti buku lachitatu linali la iye ndi alamu ake, anatenga nsalu yake yosasoka n'kumapita. Akuluakulu ena a kumpingo anang'ung'udza kuti mayi wamkulu sayenera kulemba zotere. Kwa nyengo imodzi benchi ija inkakhala yopanda anthu, ndipo ndinkawaona a Nagama akusoka zigamba za ana, ntchito imene kale ankaikana. Koma sanasiye kulemba, ndipo sanabwerere ku dzina lakale. Pang'ono ndi pang'ono azimayi anabwerera, ena akuchokera ku Mua ndi ku Golomoti pa njinga, ndipo tsopano ankakhala pansi n'kunena okha kuti, "Mundilembe, koma musinthe dzina." Tinawalembera a Mposa makalata awiri owauza dzina lenileni. Sanayankhe, ndipo pambuyo pake tinamva kuti kampani yawo inatsekedwa. Choncho a Nagama analemba mabuku khumi ndi limodzi, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linasindikizidwa pa makina enieni. Onse anadutsa m'zala zanga, pa mgolo wopukusa uja, pa mphasa ya mayi anu ndi pansi pa singano yawo. Ambiri anadyedwa ndi chiswe m'nyumba za anthu. Ndimadzifunsa mpaka lero kuti ndikanaima chilili tsiku lija, mwina bwenzi akuwerengedwabe.

Mu 1991 maso awo anayamba kuchita khungu. Anasiya kusoka, kenako analephera kuona mizere ya m'kope. Ine ndinali nditagula taipi yakale imene kampani inkafuna kutaya, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ndinkaimanga pa njinga n'kupita nayo kwawo. Iwo ankakhala pa mpando wa ndalema, maso ali chotsinzina, n'kumanena nkhani, ine n'kumalemba. Sankabwereza chiganizo. Ndikawawerengera zimene ndalemba ankadziwa ngakhale liwu limodzi limene ndasintha. Anamwalira mu 1993, buku la khumi ndi chiwiri tili nalo pakati. Ine ndinapuma ntchito patatha zaka zitatu.

Lamlungu lina, kutatsala miyezi yochepa kuti atisiye, ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati anandikhululukira za a Mposa. Anatsegula maso. Kenako anati, "Osati kwenikweni. Ndinkafuna kugwira buku langa la chikuto chamitundu, ndipo mpaka lero ndimafunabe." Ndinaweramitsa mutu. Iwo anapitiriza, "Koma ndinayesa kuganizira nkhope yanu kuseli kwa Delesi la Malita, ndi makutu anuwo. Palibe akanakhulupirira kuti munthu ameneyu amadziwa za chikondi." Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kuwapatsa madzi. Atamwa anapukuta pakamwa, anatsinzinanso, n'kunena kuti, "Ikani pepala, a Mbewe. Mtsikana uja tamusiya ataima pa mvula."